Georg Ohm, mphunzitsi amene dzina lake lidasanduka muyeso wa magetsi

Georg Simon Ohm adabadwa pa 16 Malichi 1789 mumzinda wa Erlangen, m'dziko lomwe lero ndi Germany. Bambo ake, a Johann Wolfgang Ohm, anali mmisiri wa maloko amene adadziphunzitsa okha masamu, ndipo nzeruzo adazipatsira ana awo aamuna, Georg ndi mng'ono wake Martin. Mayi ake adamwalira iye ali ndi zaka khumi.

Mu 1805 adalowa yunivesite ya Erlangen, koma adatengeka ndi magule ndi masewera mpaka bambo ake adakwiya n'kumutumiza ku Switzerland, kumene adayamba kuphunzitsa masamu mu 1806. Adabwerera ku Erlangen ndipo mu 1811 adalandira digiri ya udokotala. Atakhala zaka zingapo pa ntchito za malipiro ochepa, mu 1817 adapeza mwayi wophunzitsa pasukulu ina ku Cologne, yomwe inali ndi zida zabwino zoyesera za sayansi.

Kumeneko ndiko adayambira kufufuza za magetsi. Mabatire a nthawi imeneyo ankasinthasintha mphamvu, choncho Ohm adalumikiza mkuwa ndi chitsulo cha bismuth, mbali imodzi n'kuiika m'madzi owira, inayo m'madzi oundana. Potero adapeza gwero la magetsi lokhazikika, ndipo adayesa mawaya aatali ndi aafupi. Zotsatira zake adazisindikiza mu 1827 m'buku lotchedwa Die galvanische Kette, mathematisch bearbeitet.

Lamulo lake n'losavuta kulitsata. Mphamvu yokankha magetsi, yoyesedwa m'ma volt, ikagawidwa ndi kuchuluka kwa magetsi oyenda, oyesedwa m'ma ampere, yankho lake ndi kukana kwa waya kapena chipangizo. Tinene ketulo ya m'nyumba ya ku Morningside ku Durban kapena ku Ndirande ku Blantyre, kumene magetsi a m'nyumba amakhala ma volt 230. Ngati ketuloyo ikukoka ma ampere 10, kukana kwake ndi ma ohm 23. Tikachulukitsa 230 ndi 10, tipeza ma watt 2,300, omwe ndi mphamvu imene ikugwiritsa ntchito. Masamu amenewa ndiwo amauza mmisiri kukula kwa waya ndi fyuzi zoyenera, chifukwa waya wowonda akasenzetsedwa magetsi ochuluka amatentha ndipo angayatse nyumba.

Akatswiri ambiri a ku Germany sadalilandire bwino bukulo, pakuti sankakhulupirira kuti masamu angafotokoze za chilengedwe motero. Ohm adakhumudwa, adatula pansi udindo wake ku Cologne, ndipo adakhala zaka zingapo ku Berlin akuphunzitsa mwa apo ndi apo. Mu 1833 adapeza ntchito pasukulu ya zaluso ku Nuremberg.

Ulemu udachokera kunja. Mu 1841 bungwe la Royal Society ku London lidamupatsa mendulo ya Copley. Mu 1849 adasamukira ku Munich, ndipo mu 1852 adakhala pulofesa wa fizikisi payunivesite ya kumeneko, udindo umene adaulakalaka moyo wake wonse. Adaugwira zaka ziwiri zokha, pakuti adamwalira pa 6 Julaye 1854, ali ndi zaka 65.

Mu 1881 msonkhano wa mayiko wa akatswiri a magetsi ku Paris udavomereza kuti muyeso wa kukana uzitchedwa ohm.