BAMBO DAVID KAUNDA, MPHUNZITSI WA KU CHINSALI

Ambiri a ife amene tiphunzitsa m'midzi, tikafika ku Lusaka ndi kutsika basi pa Intercity, timamva mbiri ya sukulu ya David Kaunda, imene iri kufupi ndi Kabwata ndi Woodlands. Ana anzeru a m'zigawo zonse za Zambia amalakalaka kulowa pa sukuluyo kukaphunzira masamu, sayansi ndi umisiri. Koma eni dzinalo anamwalira m'caka ca 1932, Lusaka asanakhale likulu la dziko, ndipo nchito yao yambiri anaigwira m'sukulu zazing'ono za kumudzi zonga zathuzi. Cifukwa cace nkoyenera kuti ife aphunzitsi tidziwe za moyo wao.

Bambo David Julizya Kaunda anabadwa ca m'ma 1878 m'dziko limene tsopano tilicha Malawi, ndipo anali a mtundu wa Atonga. Atayamba maphunziro m'sukulu za misyoni ya Livingstonia, anapita ku Overtoun Institution, sukulu yaikuru imene Dr. Robert Laws anaikhazika pa Khondowe m'caka ca 1894. Pa sukuluyo mwana sanali kuphunzira cinthu cimodzi cokha ai. M'kalasi munali Cingerezi, masamu, Mau a Mulungu, mbiri yakale ndi za maiko; kunja kunali kupala matabwa, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi kulima. Dr. Laws anakhulupirira kuti mutu, mtima ndi manja ziyenera kukulira pamodzi, ndipo aphunzitsi ocokera kumeneko anatenga maganizo omwewo kunka nao konse kumene anatumidwa.

Masiku amenewo kunali mwambo wakuti ophunzira akuru-akuru azituruka kukaphunzitsa ndi kulalikira kumaiko akutali. Motero Bambo Kaunda anafika kwa Abemba, ndipo m'caka ca 1905 anakhazikika ku Chinsali pamodzi ndi akazi ao, Mai Helen Nyirenda. Taganizani za kulemera kwace kwa nchito imeneyo. Anali alendo, otalikira abale ao ulendo wa masiku ambiri pansi. Cinenero ca Cibemba anayenera kuyamba aciphunzira iwo eni asanaphunzitse ena. Mabuku a m'cinenerocho anali osowa, ndipo makolo ambiri sanaone phindu lakulola mwana kusiya nchito za pamudzi kuti akakhale pansi ndi kuyang'ana zilembo. Kufikira caka ca 1913, pamene Mbusa R. D. MacMinn anadza kudzakhala pa Lubwa, panalibe mmisyoni wacizungu wokhala pamalopo. Zaka zisanu ndi zitatu zonsezo udindo unali pa mapewa a mphunzitsi wa Ciafrika.

Sukulu za m'midzi za nthawi imeneyo zinali za mitengo ndi udzu. Ana anali kuphunzira kuwerenga, kulemba, kuwerengera, kuyimba ndi nkhani za m'Buku Lopatulika. Mwana wocita bwino anali kuthandiza kuphunzitsa anzace a m'mbuyo, ndipo pambuyo pace anatumidwa kukatsegula sukulu pamudzi wina, kapena kupitiriza maphunziro pa misyoni. Njira imeneyi ikadalephera mphunzitsi akadakhala wosadziwa ana ace mmodzi-mmodzi, pakuti mnyamata wodziwa kuwerenga koma wosadziwa masamu akanangofalitsa umbuli wace pamudzi wonse umene anatumidwako. Sukulu zinacuruka m'dera la Chinsali, ndipo Lubwa inasanduka malo ophunzitsirako aphunzitsi. Mai Helen naonso anali kuphunzitsa, nakhala mmodzi wa akazi oyamba a Ciafrika kugwira nchito imeneyi m'dziko muno.

Bambo Kaunda sanalekeze pa kalasi pokha. M'caka ca 1923 anali pamodzi ndi a Donald Siwale m'bungwe la Mwenzo Welfare Association, m'mene anthu ophunzira anali kukambirana mabvuto a anthu ao ndi kuwapereka kwa Boma mwaulemu koma mosaopa. M'caka ca 1930 anadzozedwa ubusa, koma anangotumikira zaka ziwiri namwalira, nasiya mai wamasiye ndi ana. Mwana wao wotsiriza, Kenneth, wobadwa pa 28 April 1924, anali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha.

Apa ndi pamene mbiri iyi ikumana ndi Lusaka. Pamene Bambo Kaunda anamwalira, m'Northern Rhodesia munalibe sukulu ya sekondale ya ana a Ciafrika. M'caka ca 1939 Boma linatsegula Form I pa Munali ndi anyamata 11 okha, pa malo a sukulu ya umisiri ya mu Lusaka. Ndiwo malo omwe aja pamene lero paima sukulu ya David Kaunda, pakuti Munali inasamukira pambuyo pace ku mseu wa Great East. Kenneth analowa pa Munali m'caka ca 1941 nakhalapo kufikira 1943, ndipo anabwerera ku Lubwa kukagwira nchito ya uphunzitsi monga atate wace.

Malo pa Munali anali ocepa ndithu, ndipo ofuna kulowa anali a dziko lonse. Mnyamata wosankhidwa anayenera kukhoza m'maphunziro onse, osati limodzi lokha. Mbiri yakale, za maiko ndi sayansi zinali kuphunzitsidwa m'Cingerezi, kotero kuti wofooka pa Cingerezi anali kugwa m'zonse. Ndipo wofooka pa masamu sakanayenda patali m'sayansi. Maziko a zonsezi sanaikidwe pa Munali ai, koma m'sukulu zonga za Lubwa ndi midzi yace.

Zipatso za nchito ya ku Chinsali zidziwika. Mbusa Paul Mushindo, mphunzitsi wa pa Lubwa, anagwira nchito zaka zambiri pamodzi ndi Mbusa MacMinn kumasulira Buku Lopatulika m'Cibemba, ndipo linaturuka m'caka ca 1956. A Simon Kapwepwe, amene anaphunzira pa Lubwa, anakhala wotsatana ndi Mtsogoleri wa dziko m'caka ca 1967. A Kenneth Kaunda anatsogolera Zambia kuyambira pa 24 October 1964 kufikira 1991. Pa tsiku la ufulu dziko lonse linali ndi anthu a Ciafrika pafupi-fupi 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite. Pamene ophunzira anali ocepa cotero, mwana ali yense amene mphunzitsi wa kumudzi anamsunga m'sukulu anali cuma ca mtundu wonse.

Aphunzitsi anzanga, kawiri-kawiri timagwa mphwayi poona kucepa kwa sukulu zathu ndi kusowa kwa mabuku, ndipo nthawi zina timakondera phunziro limene ife eni tilidziwa bwino ndi kunyalanyaza ena. Mwana amene atsala m'masamu ali m'manja mwathu adzapeza khomo la sekondale lotseka, ndipo sadzadziwa kuti linatsekedwa kale pamudzi pace pomwe. Tiyeni tsono tisunge kabuku ka mayeso momwe dzina la mwana ali yense liri ndi mzere wace pa phunziro liri lonse. Tiziyang'anamo mwezi ndi mwezi, ndipo pamene taona kuti mwana wayamba kutsika, timthandize msanga, ticeze ndi makolo ace, tisadikire mayeso a kutha kwa caka. Bambo Kaunda sanaone Munali, sanaonenso sukulu imene icedwa dzina lao. Anaona ana a m'midzi ya Chinsali okhala pa zipika ndi masileti m'manja, ndipo anawaphunzitsa mokhulupirika zaka 27.