George Washington Carver ndi Sukulu Yoyenda pa Ngolo

George Washington Carver anabadwa kapolo ku Missouri, m'dziko la America, pafupi ndi caka ca 1864. Akali khanda, acifwamba anamuba pamodzi ndi amai ace. Mwanayo anapezeka, koma amai ace sanaonekenso. Atakula analembera kalata sukulu ina yaikuru ya ku Kansas, ndipo anamlola. Koma pofika iye, eni sukulu anaona kuti ali munthu wakuda, nambweza. Iye sanataye mtima. Anapita ku Iowa, kumene anaphunzira za zomera ndi za nthaka kufikira caka ca 1896.

M'caka comweco Booker T. Washington anamuitana kukaphunzitsa za ulimi pa sukulu yaikuru ya Tuskegee ku Alabama. Kumeneko anapeza umphawi woopsa. Alimi akuda anali kubzala thonje caka ndi caka m'munda umodzimodzi, mpaka nthaka inaguga. Ambiri a iwo minda sinali yao, ndipo eni minda anafuna thonje lokha. Koma thonje silidyedwa, cotero ana anali kugona ndi njala makolo ao ali m'ngongole.

Carver anadziwa mankhwala a nthaka yotere. Pa mizu ya nshawa ndi nyemba pali timatuza ting'onoting'ono, m'mene mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso. Tizirombo timeneti titenga cakudya ca mbeu mu mpweya, ndipo mlimi akasinthanitsa mbeuzi ndi thonje, munda ubwerera mphamvu. Anadziwanso kupanga manyowa ndi masamba oola ndi matope a ku dambo, zinthu zosafuna ndalama. Koma nzeru zimenezi zinali m'kati mwa sukulu, ndipo alimi osauka analibe nthawi kapena ndalama za kufikako.

Tsono Carver anaganiza kuti sukulu ipite kwa iwo. Analemba cithunzi ca ngolo yonyamula makasu, mbeu ndi zipangizo zina zoonetsera, ndipo munthu wina wolemera wa ku New York, dzina lace Morris Jesup, anapereka ndalama zoipangira. M'caka ca 1906 ngoloyo inayamba kuyenda m'midzi, nyuru zikuikoka. Pambuyo pace anaiyendetsa Thomas Campbell, amene anaphunzira pa Tuskegee pomwepo. Inali kuima pa munda kapena pa khomo la mlimi, ndipo anansi anasonkhana, amuna, akazi ndi ana omwe. Mphunzitsi sanangolankhula ai, koma anagwira nchito ndi manja ace iwo alikupenya.

Carver analembanso timabuku 44 ta alimi m'mau osabvuta. Kena ka m'caka ca 1916 kanalongosola kalimidwe ka nshawa ndi njira 105 za kuzikonzera cakudya, pakuti mlimi salima cinthu cimene banja lace silidziwa kudya.

Anakhala pa Tuskegee zaka 47, namwalira pa 5 January 1943. Anamuika pomwepo, pafupi ndi manda a Booker T. Washington.