William Herschel: Woimba Amene Adadzisulira Diso Loonera Kuthambo

Chiyambi

Pakati pa anthu okonda kuyang'ana nyenyezi mongodzisangalatsa pali mtsutso umene sukutha. Ena amati telesikopu yeniyeni ndi imene munthu amaikapo diso lake n'kudzionera yekha kuwala kochokera kuthambo. Ena adakopeka ndi matelesikopu amakono ang'onoang'ono, monga Seestar S50, amene amalondola okha nyenyezi, kuijambula, n'kutumiza chithunzi chake pa foni. Enanso funso lawo n'limodzi basi: kodi galasi lake ndi lalikulu bwanji? Nkhani ino ikufotokoza mbiri ya William Herschel, munthu amene adayamba za nyenyezi ngati chibwana cha madzulo akaweruka ku ntchito yake yoimba. Moyo wake ukutiphunzitsa kuti telesikopu imapindula ndi mwini wake: amene amaidziwa bwino ndi kuitulutsa panja usiku ndi usiku ndiye amaona zambiri.

Ubwana ndi ntchito yoimba

William adabadwa pa 15 Novembala 1738 mumzinda wa Hanover, m'dziko limene lero timalitcha Germany. Bambo ake, a Isaac Herschel, ankaimba chitoliro chotchedwa oboe m'bandi ya asilikali, ndipo William adalowa m'bandi yomweyo akadali mnyamata. M'chaka cha 1757 asilikali a Hanover atagonja kwa Afalansa pa nkhondo ya ku Hastenbeck, iye adathawira ku England. Kumeneko adayamba ndi ganyu yokopera nyimbo pamanja, kenaka n'kumaphunzitsa ndi kupeka nyimbo m'matauni a kumpoto kwa dzikolo. Mu 1766 adapeza ntchito yoimba limba pa tchalitchi cha Octagon mumzinda wa Bath, kumene anthu achuma ankapita kukasangalala. Mu 1772 adakatenga mlongo wake Caroline ku Hanover kuti adzamusungire nyumba ndi kuphunzira kuimba.

Chidwi cha nyenyezi chidadzera m'mabuku. William adawerenga buku la Robert Smith lofotokoza masamu a nyimbo, ndipo litamukomera adafunafuna buku lina la mlembi yemweyo lonena za kuwala ndi magalasi. Atawerenganso buku la James Ferguson la zakuthambo, mtima wake sudakhazikike mpaka ataona ndi maso ake zimene ankawerengazo. Mu 1773 adabwereka kwa ogulitsa katelesikopu kakang'ono, koma sikadamukhutitse, pamene yaikulu inali yosagulika ndi ndalama za mphunzitsi wa nyimbo. Choncho adaganiza zodzipangira yekha.

Nyumba isanduka chipala

Masiku amenewo galasi la telesikopu yotere silinkapangidwa ndi galasi lenileni ayi. Ankasungunula mkuwa ndi chitsulo cha tini, kuthira m'chikombole, kenaka kupera ndi kusalalitsa mpaka pamwamba pake palowe m'kati ngati mbale ndi kuwala ngati kalilole. William ankaumba zikombole zake ndi ndowe za akavalo, ndipo ntchito yosinja ndi kusefa ndowezo inkagwera Caroline. Mng'ono wake Alexander ankathandiza kupanga tizitsulo ting'onoting'ono. Nthawi ina William adakhala maola 16 akusalalitsa galasi osachotsapo manja, poopa kuti akalekeza liwonongeka, moti Caroline adachita kumudyetsa ngati mwana. Ngozi nazo zinalipo. Mu 1781, pofuna kuumba galasi lalikulu, chitsulo chamoto chidatayikira pansi, miyala ya pansiyo n'kuphulika, anthu n'kuthawira panja.

Khama limeneli lidabala telesikopu yotalika mamita awiri, ya galasi lotambalala pafupifupi masentimita 16. Ndi imeneyi William adayamba kuyendera thambo mwandondomeko, nyenyezi ndi nyenyezi, akulemba zonse zimene waona. Usiku wa pa 13 Malichi 1781, ali m'bwalo la kuseri kwa nyumba yake ya nambala 19 mumsewu wa New King ku Bath, adaona kanthu kamene sikankaoneka ngati kadontho monga zichitira nyenyezi zina. Atawonjezera mphamvu ya telesikopu, kanthuko kadakula, pamene nyenyezi zoyandikana nako sizidasinthe. Patapita masiku adapeza kuti kasuntha. Iye adayesa kuti ndi nyenyezi yamchira, koma akatswiri a masamu, monga Anders Lexell, atawerengera njira yake adapeza kuti ndi pulaneti lozungulira dzuwa kuseri kwa Saturn. Aka kanali koyamba m'mbiri yolembedwa kuti munthu atulukire pulaneti latsopano. William adalitcha dzina lolemekeza Mfumu George III, koma dzina limene lidakhazikika ndi Uranus, limene adapereka Johann Bode.

Tiyenera kudziwa kuti ena adaliona kale pulanetili osalizindikira. John Flamsteed adalilemba mu 1690 ngati nyenyezi wamba. Chimene chidamusiyanitsa William chinali ubwino wa galasi lake ndi diso lozolowera. Iye mwini ankakhulupirira kuti kuona ndi luso lochita kuphunzira, monga momwe munthu amaphunzirira kuimba limba. Akatswiri ena ankakayika kuti woimba angapange chida choposa chawo, choncho mu 1782 adanyamula telesikopu yake kupita nayo ku Greenwich, kumene adaiimika pambali pa matelesikopu a boma. Nevil Maskelyne, mkulu wa malowo, atayang'ana m'zida zonsezo adavomereza kuti ya woimbayo inkaonetsa bwino koposa. Chaka chomwecho mfumu idamulemba ntchito ya zakuthambo pa malipiro a mapaundi 200 pachaka, ndipo William adasiya nyimbo. Caroline naye, amene anali atayamba kutchuka pa kuimba, adasiya luso lake n'kutsata mlongo wake.

Matelesikopu awiri

Mu 1783 William adamaliza telesikopu yotalika mamita 6, ya galasi la masentimita pafupifupi 47. Imeneyi ndiyo idagwira ntchito yaikulu ya moyo wake. Ankailozetsa kummwera n'kumadikira kuti thambo lidutse lokha patsogolo pake. Iye ankakhala pamwamba pa makwerero, mumdima ndi m'chisanu, osayang'ana nyali kuti maso asataye mphamvu yoonera zinthu zosawala kwambiri. Akaona kanthu ankafuula, ndipo Caroline, atakhala pa tebulo ndi wotchi ndi mndandanda wa nyenyezi, ankalemba nthawi ndi malo ake. Kukacha ankakoperanso zonse mwaudongo. Tinganene kuti ntchito imene lero imagwiridwa ndi kamera ndi kompyuta inkagwiridwa ndi mkazi mmodzi wogwira cholembera. Ntchitoyi inali yoopsa: usiku wa pa 31 Disembala 1783 Caroline adaterereka pa chipale n'kugwera pa ngowe yachitsulo imene idamung'amba mwendo.

Mwa njira imeneyi awiriwa adalemba zinthu 2,500 zooneka ngati timitambo towala kapena magulu a nyenyezi, m'mindandanda itatu ya 1786, 1789 ndi 1802. Mndandanda wotchuka wa Charles Messier, umene udalipo kale, unali ndi zinthu zongopitirira pang'ono 100. Mu 1787 William adatulukira miyezi iwiri ya Uranus, Titania ndi Oberon, ndipo chaka chomwecho Caroline adayamba kulandira mapaundi 50 pachaka kuchokera kwa mfumu. Payekha, Caroline adatulukira nyenyezi zamchira zisanu ndi zitatu.

Komabe William ankalakalaka chida chachikulu koposa. Mfumu idapereka mapaundi 4,000, ndipo mu 1789 ku Slough, kumene banjali lidasamukira, kudaima telesikopu yotalika mamita 12, ya galasi lotambalala masentimita 122 ndi lolemera pafupifupi tani imodzi. Kwa zaka zoposa 50 padalibe ina yoiposa kukula. Chaka chimenecho William adatulukira miyezi iwiri ya Saturn, Enceladus ndi Mimas. Alendo ankachokera kutali kudzaona chodabwitsachi, koma pa ntchito chidakhumudwitsa. Kuchitembenuza kunkafuna amuna othandiza, galasi lake linkathimbirira msanga ndi chinyezi, ndipo kulitsitsa kuti alisalalitsenso inali ntchito yothyola msana. Nyengo ya ku England nayo sinkapereka mausiku ambiri oyenera chida chotere. William adachigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, komaliza mu 1815, pamene telesikopu ya mamita 6 ija inkapitirirabe kutumikira. Kukula kwa ng'oma sindiko kumveka kwake.

Zaka zomaliza

Mu 1788 William adakwatira Mary Pitt, mayi wamasiye, ndipo Caroline adatuluka m'nyumba ya mlongo wake atamusungira pakhomo kwa zaka 16. Zimene adalemba m'mabuku ake a tsiku ndi tsiku pa zaka zotsatirazo adaziwononga yekha, koma ntchito yolembera mlongo wake sadaisiye. Mu 1800 William adapatula kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake, n'kuika choyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Adapeza kuti kupitirira pofiira, pamene diso siliona kanthu, panali potentha. Umu ndi momwe kudadziwikira kuwala kosaoneka kotchedwa infrared. Si zonse zimene adalondola ayi: ankakhulupirira kuti pa mwezi ngakhalenso m'kati mwa dzuwa mungakhale zamoyo. Adamwalira ku Slough pa 25 Ogasiti 1822 ali ndi zaka 83, kutangotsala pang'ono kuti akwanitse zaka 84 zimene Uranus imatenga kuzungulira dzuwa kamodzi.

Mwana wake John, wobadwa mu 1792, adanyamula telesikopu ya mamita 6 yokonzedwanso kupita nayo ku Cape Town, kumene kuyambira 1834 mpaka 1838 adayendera thambo la kummwera, lomwe timaliona ife kuno. John yemweyo adali mmodzi mwa oyambitsa luso lojambula zithunzi, ndipo mu 1839 adajambula chimango cha telesikopu yaikulu ya bambo ake chisanagwetsedwe. William adamwalira luso limeneli lisanafike. Chithunzi choyamba cha kamtambo kowala ka Orion chidajambulidwa ndi Henry Draper mu 1880.

Mathero

Ntchito ya William, Caroline ndi John ndiyo idakhala maziko a mndandanda wa NGC umene J. L. E. Dreyer adasindikiza mu 1888. Manambala ake ndi omwe munthu amasankha pa foni akamatuma telesikopu yamakono. Kachida ka galasi la masentimita asanu kamaunjika tizithunzi tambirimbiri mpaka kuonetsa mitundu ndi maonekedwe zimene William sadazione ndi chimphona chake chija. Amene amakonda njira imeneyi ali ndi chifukwa chomveka, monganso amene amakonda kuika diso pa galasi. Koma onse awiri mbiri iyi ikuwafunsa funso limodzi: mwezi wathawu mudatuluka panja kangati, ndipo mudalemba chiyani? Uranus idapezeka ndi katelesikopu kopangira kunyumba, kuseri kwa nyumba yalendi, ndi munthu amene masana onse adali akuphunzitsa nyimbo.