Fannie Lou Hamer: mlimi wa thonje amene anagwedeza ndale za ku America

Nthawi ya zisankho ikayandikira ku America, ophunzira ambiri a m'mayunivesite amayenda khomo ndi khomo kulimbikitsa anthu osauka kuti akalembetse m'kaundula wa zisankho. Dzina limodzi lomwe achinyamatawa amalitchula kawirikawiri ndi la Mayi Fannie Lou Hamer. Mayiwa sanali loya kapena mphunzitsi. Anali mlimi wa thonje wopanda munda wawowawo, ndipo anafika zaka 44 asanayesepo kulembetsa kuti avote.

Iwo anabadwa pa 6 Okutobala 1917 m'boma la Montgomery, m'chigawo cha Mississippi, kumwera kwa dziko la America. Anali chitsirizira m'banja la ana 20 la a Townsend. Banjali linasamukira m'boma la Sunflower komwe linkalima ngati matenanti pa esiteti ya mzungu. Mwini esiteti ankapereka malo, mbewu ndi chakudya pangongole, kenako pokolola ankatenga gawo lake n'kudulanso ngongole ija pa gawo la mlimi. Popeza mabuku owerengera anali m'manja mwa mwini malo, mabanja ambiri ankatha chaka chonse akulima koma ngongole osatha.

Fannie Lou anayamba kutola thonje ali ndi zaka 6, ndipo anasiya sukulu ali ndi zaka 12 kuti azithandiza makolo. Pofika zaka 13 ankatola makilogalamu oposa 90 patsiku. Nthawi ina bambo awo anasunga kandalama n'kugula ziweto zolimira kuti aziyimira paokha, koma munthu wina anathira poizoni m'chakudya cha ziwetozo ndipo zinafa. Banjali linabwereranso ku utenanti.

Mu 1944 anakwatiwa ndi Bambo Perry Hamer, ndipo ankakhala pa esiteti ya W. D. Marlow pafupi ndi tauni ya Ruleville. Chifukwa chodziwa kulemba ndi kuwerenga, anapatsidwa ntchito yolemba maola a antchito ndi kulemera kwa thonje. Anagwira ntchitoyi zaka 18. Mu 1961 anapita kuchipatala kukachotsa chotupa, koma dokotala anawachotseratu chiberekero osawauza kapena kuwapempha. Zimenezi zinkachitikira amayi ambiri akuda m'chigawocho. Banjali linalera ana a anthu ena ngati awoawo.

Pamene zonsezi zinkachitika, ophunzira akuda m'makoleji a kumwera anali atayamba kudzuka. Pa 1 Febuluwale 1960, anyamata anayi a pa koleji ina mumzinda wa Greensboro anakhala pamipando ya azungu okhaokha m'malo odyera n'kukana kuchoka. M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho, ophunzira anakumana pa Shaw University n'kukhazikitsa bungwe la Student Nonviolent Coordinating Committee, mwachidule SNCC. Achinyamatawa anasankha kupita kumidzi, kukagona m'nyumba za alimi ndi kuwafotokozera za ufulu wovota.

Mu Ogasiti 1962 anafika ku Ruleville n'kuchititsa msonkhano m'tchalitchi. Atafunsa amene angadzipereke kukalembetsa, Mayi Hamer anakweza dzanja. Pa 31 Ogasiti anthu 18 anakwera basi kupita ku Indianola, likulu la bomalo. Malamulo a dziko ankalola munthu wakuda kuvota, koma akuluakulu a ku Mississippi anaika misampha. Wolembetsa ankayenera kukopera ndi kumasulira ndime ya malamulo aakulu a chigawocho, ndipo kalaliki wachizungu ndiye ankagamula ngati wakhoza. Panalinso msonkho wolipira munthu asanavote. Mayi Hamer anauzidwa kuti alephera. Pobwerera apolisi anaimitsa basi ija n'kulipiritsa dalaivala, ati mtundu wake unkafanana ndi wa basi ya ana asukulu.

Usiku womwewo mwini esiteti anawauza kuti asankhe: kukafufutitsa dzina lawo kapena kuchoka pamalo ake. Iwo anachoka, ndipo amuna awo anatsala mpaka kukolola kutatha. Pa 10 Seputembala anthu ena anaombera zipolopolo 16 nyumba imene mayiwa ankasungidwako. Sanabwerere m'mbuyo. Anakayesanso mayeso aja, ndipo mu Januwale 1963 dzina lawo linalowa m'kaundula. Kenako analembedwa ntchito ndi SNCC, ali wamkulu kuposa anzawo ambiri m'bungwelo.

Pa 9 Juni 1963, akuchokera ku maphunziro a za kalembera, anamangidwa pamodzi ndi anzawo pa depoti ya basi m'tauni ya Winona. M'chitokosi apolisi analamula akaidi awiri akuda kuti awamenye ndi chibonga mosinthana. Impso zawo zinawonongeka, diso lakumanzere linavulala, ndipo sanachire bwinobwino mpaka imfa yawo.

Chaka cha 1964 ophunzira mazanamazana, ambiri mwa iwo azungu ochokera m'mayunivesite a kumpoto, anapita ku Mississippi pa tchuthi kukathandiza kalembera ndi kuphunzitsa ana. Anthu ena m'bungwelo ankakayikira zolandira ana a azungu, koma Mayi Hamer anali m'gulu la amene anavomereza, poona kuti olimbana ndi tsankho sangasankhenso anthu potengera khungu. Ankawalangiza za kakhalidwe ka kumudzi ndi kuwatsogolera nyimbo za mapemphero mantha akawagwira. Mantha ake sanali achabe. Pa 21 Juni anyamata atatu, James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, anaphedwa ndi a gulu la Ku Klux Klan. Goodman anali wophunzira wa zaka 20.

Popeza chipani cha Democratic ku Mississippi chinkakana anthu akuda, iwo anayambitsa chawo, Mississippi Freedom Democratic Party, ndipo Mayi Hamer anali wachiwiri kwa wapampando wa nthumwi zake. Nthumwi 68 zinapita ku msonkhano waukulu wa chipani ku Atlantic City kukapempha kuti zikhale pamipando ya chigawocho. Pa 22 Ogasiti mayiwa anafotokozera komiti, pa wailesi ya kanema, za kuthamangitsidwa kwawo ndi kumenyedwa kwa ku Winona. Pulezidenti Lyndon Johnson, poopa kutaya mavoti a azungu a kumwera, anaitanitsa atolankhani mwadzidzidzi kuti makamera achoke pa iwo. Madzulo ake mawailesi anaulutsa umboni wonse, dziko lonse n'kuumva. Akuluakulu a chipani anapereka mipando iwiri yokha. Atsogoleri ena otchuka ankati ilandiridwe, koma Mayi Hamer ndi alimi anzawo anaikana. Mwezi wotsatira anapita ku Guinea ndi a SNCC monga alendo a boma la Sékou Touré, ndipo anachita chidwi kuona anthu akuda akuyendetsa boma, mabanki ndi ndege.

Pa 6 Ogasiti 1965 Johnson anasainira lamulo loteteza ufulu wovota, lomwe linaletsa mayeso aja m'zigawo ngati Mississippi. Lamuloli lisanabwere, anthu akuda olembetsa kumeneko sankafika 7 pa 100 alionse. Pofika 1967 anali pafupifupi 60 pa 100 alionse. Mu 1968 Mayi Hamer anakhala nthumwi yovomerezeka pa msonkhano wa chipani ku Chicago.

Komabe iwo anaona kuti voti yokha siikwanira. Makina otolera thonje anali atachotsa anthu ambiri ntchito, ndipo munthu wokhala pa malo a mwini ankatha kuthamangitsidwa chifukwa chovota. Wanjala savuta kumuopseza. Choncho mu 1969 anayambitsa kopaletivi ya Freedom Farm ndi mahekitala 16, ndipo pambuyo pake malowo anakula kufika pafupifupi mahekitala 275. Ankalima ndiwo zamasamba zodyetsa mabanja, komanso thonje ndi soya zogulitsa. Mothandizidwa ndi bungwe la amayi la National Council of Negro Women, panalinso banki ya nkhumba: banja linkalandira nkhumba yaikazi ya bere, ikaswa n'kubweza ana ena kuti apite ku banja lina. Achinyamata a kumpoto ankayenda maulendo ataliatali apansi posonkhetsa ndalama zothandizira.

Kopaletiviyi sinakhalitse. Nyengo zoipa zinaononga mbewu, ngongole ya malo inakula, othandiza anachepa, ndipo mayiwa ankadwaladwala. Pofika 1976 inali itatsekedwa. Pa zisankho nawonso sanapambane: anapikisana nawo pa mpando wa nyumba ya malamulo ya dziko mu 1964 ndi wa chigawo mu 1971, koma konseko anagonja.

Anamwalira pa 14 Malichi 1977 m'chipatala cha ku Mound Bayou, ali ndi zaka 59, atadwala khansa ya m'mawere ndi matenda othamanga magazi. Pa maliro awo analankhula Andrew Young, kazembe wa America ku United Nations pa nthawiyo.

Nkhani imene anamenyera idakali pa mkangano. Mu 2013 khoti lalikulu la America linathetsa mbali ya lamulo la 1965 yomwe inkachititsa kuti zigawo ngati Mississippi zipemphe kaye chilolezo ku likulu zisanasinthe malamulo a zisankho, ndipo kuyambira pamenepo zipani zakhala zikukangana za ziphaso zovotera ndi malire a madera. Mu Januwale 2025 Pulezidenti Joe Biden anawapatsa mendulo ya ulemu waukulu koposa imene munthu wamba amalandira m'dzikolo, patapita zaka pafupifupi 48 chimwalirireni. Manda awo ali ku Ruleville, pa malo amene kale anali a kopaletivi ija.