Lina Sandell: Mai Amene Anaphunzira Kulandira Mphamvu ya Tsiku Limodzi

Ambiri a ife tulo timatithawa chifukwa choganizira za mawa. Kuno ku Petauke ndi ku Nyimba sitinaiwale chilala cha 2024, pamene chimanga chinauma m'munda chisanabereke, azimai n'kumangosuzumira m'nkhokwe, kuwerenga miyezi. Ena muli ndi odwala m'nyumba, ena mukulera adzukulu amasiye. Imvani tsono mbiri ya mai mnzathu wa dziko lakutali, amene anadziwa bwino misozi yotere.

Lina Sandell anabadwa pa 3 Okutobala 1832 m'mudzi wa Fröderyd, m'dziko la Sweden. Atate ake, a Jonas Sandell, anali abusa a mpingo wa Lutheran. Pa ubwana wake Lina anali wodwaladwala. Anzake akamasewera panja, iye anali kukhala ndi atate ake m'chipinda chawo chowerengera, ndipo m'menemo ndi momwe anaphunzirira kukonda Mau a Mulungu ndi kulemba ndakatulo.

M'chaka cha 1858 Lina anatsagana ndi atate ake pa ulendo wa pa ngalawa panyanja ya Vättern. Ngalawa itapendekeka mwadzidzidzi, abusa aja anagwera m'madzi namira, mwana wawo akuona ndi maso. Inu amene mudziwa ukali wa Luangwa nthawi ya dzinja, mungathe kumva kuwawa kwake. Patangopita zaka ziwiri, mu 1860, amai ake nawonso anamwalira.

Kodi munthu wotere amadzuka bwanji m'mawa? Lina anadzuka nagwira ntchito. Mu 1861 anayamba kutumikira bungwe lina la chitsitsimutso lofalitsa mabuku a Chikhristu ku Stockholm, kumasulira ndi kukonza zolembedwa. Mu 1865 analemba nyimbo yotchedwa Blott en dag, imene imaphunzitsa Mkhristu kulandira masiku ake kwa Atate limodzi limodzi, pamodzi ndi mphamvu yokwanira tsikulo. Woimba wina, Oscar Ahnfelt, amene anali kuyendayenda ndi gitala kulalikira, anaiika maimbidwe. Lero imaimbidwa m'zinenero zambiri.

Musaganize kuti atalemba nyimboyi mayesero anatha. Mu 1867 anakwatiwa ndi a Carl Oscar Berg, ndipo chaka chotsatira mwana wawo mmodzi yekhayo anabadwa wakufa. Mai ameneyu, amene sanalerepo mwana wakewake, ndiye analembera ana a anthu ena nyimbo zokoma zimene amaimba mpaka lero. Mu 1892 anadwala taifodi, ndipo thupi lake silinabwererenso mwakale. Anamwalira ku Stockholm pa 27 Julaye 1903, ali ndi zaka 70, atalemba nyimbo zoposa 600. Zambiri sanalembepo dzina lake lonse, koma zilembo ziwiri zokha, L.S.

Amai, phunziro la moyo uwu ndi lakale, lochokera m'Buku Lopatulika. Werengani Eksodo 16. Ana a Israele anapatsidwa mana a tsiku limodzi, ndipo amene anasungako mpaka m'mawa chifukwa cha mantha anawapeza atagwa mphutsi. Werenganinso Mateyu 6:34, pamene Ambuye Yesu atiletsa kusenzeratu nkhawa za mawa. Lina akadaonetsedwa maliro onse a moyo wake pa tsiku limodzi, sakadatha kupirira. Mulungu anamyendetsa tsiku ndi tsiku, monga mai amamwetsera mwana phala ndi kasupuni.

Kuvomera chifuniro cha Mulungu sikutiuza kupinda manja. Mbeu tisunge, kudimba tipite, wodwala timtengere kuchipatala, fizi ya ana tiifunefune. Zimenezo ndi ntchito za lero. Chimene tiyenera kutula pa mapazi a Yesu ndi katundu wa masiku amene sanafike. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono mawa m'mawa, musanakoleze moto, pemphani mphamvu ya tsiku lomwelo. Ndipo ngati m'dera lanu muli mai wofedwa amene sakuonanso njira, mchezereni sabata ino. Musamuuze za zaka zimene zikubwera. Mtungireni madzi, mupemphere naye, mumthandize kufika madzulo.