Eugene Houdry, Munthu wa Dongo ndi Mafuta

Amalume anga amamata matayala a galimoto, ndipo ine ndinakula ndikuganiza kuti mphira yense amachokera ku mtengo. Nditafika kuno ku sukulu ya ukachenjede ndi pamene ndinamva kuti mphira wambiri wa m'matayala amapangidwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi. Pofufuza za nkhaniyi ndinakumana ndi dzina la Eugene Houdry, ndipo m'chimangirizo chino ndifuna kulongosola za moyo wake.

Houdry anabadwa pa 18 April 1892 ku Domont, pafupi ndi mzinda wa Paris m'dziko la France. Bambo ake anali ndi fakitale ya zitsulo, iye naphunzira za uinjiniya. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anali m'gulu la asilikali a akasinja ndipo anavulala kwambiri m'chaka cha 1917. Atachira anakonda mipikisano ya galimoto, ndipo apa ndi pomwe anaona kuti injini ingakhale yabwino chotani, popanda petulo wabwino siipita patali. Dziko la France linalibe mafuta akeake okwanira, choncho iye anayesa kupanga petulo kuchokera ku malasha. Boma linamuthandiza kumanga fakitale, koma petulo wake anatuluka wodula ndipo fakitaleyo inatsekedwa.

Kulepheraku kunamusiyira nzeru ina. Mafuta osayenga ali ndi mbali yolemera, yonata, imene kale ankaiswa ndi moto wamphamvu kuti mutuluke petulo. Houdry anapeza kuti mtundu wina wa dongo umathandiza kuswa mafuta olemerawo msanga, ndipo petulo wake amakhala wamphamvu. Chinthu chotere, chofulumizitsa kusintha kwa zinthu chosatha nawo, asayansi amachitcha catalyst. Vuto linali lakuti dongolo limakutidwa ndi mwaye pakangopita mphindi zochepa n'kuleka kugwira ntchito. Iye anaganiza zomawotcha mwayewo ndi mpweya, dongo lija n'kuyambiranso ntchito. Kwa ine apa ndi pamene pali luso lenileni la munthuyu, chifukwa kupeza dongolo kunali theka chabe la ntchito.

M'chaka cha 1930 anasamukira ku America, ndipo mu 1937 kampani ya Sun Oil inatsegula fakitale yaikulu yotsata njira yake ku Marcus Hook, m'chigawo cha Pennsylvania. Nkhondo yachiwiri itabuka, petulo wamphamvu wa m'mafakitale otere anathandiza kwambiri ndege za Britain ndi America. Dziko la Japan litalanda minda ya mphira ku Malaya mu 1942, America inasowa matayala. Houdry anapeza njira yosandutsira mpweya wa butane kukhala butadiene, womwe ndi chipangizo chachikulu cha mphira wopanga. Tayala la kwa amalume lija lili ndi mbiri imeneyi. Pa nthawi yomweyo boma la Vichy linali litamulanda unzika wa France chifukwa chotsutsa kugonjera kwake ku Germany, ndipo mu 1942 anakhala nzika ya America.

Njira yake yoyenga mafuta sinakhalitse pamwamba, pakuti makampani ena anabwera ndi ina yoposa. Koma mfundo yoswa mafuta ndi catalyst ilipobe, ndipo mpweya wa propylene wotuluka pa ntchitoyi ndi umene amapangira mabeseni ndi mipando ya pulasitiki.

Chimene chinandigwira mtima ndi zaka zake zomaliza. Munthu yemwe anachulukitsa petulo anayamba kuda nkhawa ndi utsi wa galimoto umene unkaphimba mizinda ngati Los Angeles, pokhulupirira kuti ukudwalitsa anthu khansa ya m'mapapo. Anakhazikitsa kampani ya Oxy-Catalyst napanga kachipangizo koika ku ekizozi kotsuka utsi. Tsoka ilo, petulo wa masiku amenewo ankamuthira mtovu, ndipo mtovuwo unkapha catalyst wa m'kachipangizoko. Houdry anamwalira pa 18 July 1962 ali ndi zaka 70. Magalimoto ambiri atsopano a ku America anayamba kutuluka ndi zotsukira utsi mu 1975, petulo wopanda mtovu atayamba kupezeka.