MBIRI YA APHRA BEHN, MKAZI AMENE ANADYA ZA COLEMBERA CACE

Tikayang'ana maina a anthu amene analemba mabuku akale a Cingerezi, tipeza kuti ambiri ndi amuna: Shakespeare, Milton, Bunyan, Defoe ndi ena otere. Cifukwa ca ici ena a ife timayesa kuti kale akazi a ku England analibe mbali pa nchito ya mabuku. Maganizo amenewa ndi olakwa. Pano ndifuna kufotokozera anzanga ndi aphunzitsi athu mbiri ya Aphra Behn, amene akumbukika monga mkazi woyamba wa ku England kupeza cakudya ndi zobvala mwa kulemba.

Tiyambe taona m'mene zinthu zinaliri iye asanabadwe. William Caxton ndiye anaimika makina oyamba osindikizira mabuku ku Westminster m'caka ca 1476. Osindikiza ndi ogulitsa mabuku a mu London anali ndi bungwe lao lochedwa Stationers' Company, limene linalandira mphamvu kwa mafumu mu 1557. Nyumba ya munthu wosindikiza ndiyo inalinso malo ace a nchito, kotero kuti mkazi wace ndi ana ace akazi anali kusoka mabuku, kugulitsa ndi kusunga ndalama. Mwamuna akamwalira, mkazi wamasiye anali kuloledwa kupitiriza nchitoyo. Comweci Elizabeth Pickering, atamwalira mwamuna wace Robert Redman mu 1540, anasindikiza mabuku a malamulo m'dzina lace. Akazi olemba analiponso. Katherine Parr, mkazi wotsiriza wa Mfumu Henry VIII, anaturutsa buku la mapemphero mu 1545, ndipo Margaret Cavendish anaturutsa ndakatulo zace mu 1653. Koma awa anali akazi a kubanja lacifumu ndi la akuluakulu, ndipo njala sanaidziwe. Aphra anali wosiyana nao.

Iye anabadwa mu 1640 pafupi ndi mzinda wa Canterbury, m'dera la Kent. Ofufuza mbiri ambiri abvomerezana kuti atate wace anali Bartholomew Johnson, wometa tsitsi, ndi kuti amai wace anali kuyamwitsa mwana wa banja lina lolemera. Masiku amenewo zitseko za Oxford ndi Cambridge zinali zotsekeka kwa akazi, ndipo Cilatini ndi Cigriki, zimene zinali ciyambi ca maphunziro onse apamwamba, anali kuphunzitsa anyamata. Aphra anadandaula za ici m'zolemba zace atakula. Ngakhale zinali conco, anawerenga kwambiri nadziwa bwino Cifalansa.

Ubwana wace unali wa m'masiku a nkhondo. Mu 1642 Angerezi anayamba kumenyana okhaokha, ndipo nyumba zonse za masewero zinatsekedwa. Mfumu Charles I anadulidwa mutu mu 1649. Mwana wace, Charles II, analowa ufumu mu 1660, natsegulanso nyumbazo. Pamenepo akazi analoledwa kucita nao masewero pamaso pa anthu, pakuti kale mbali za akazi anali kucita anyamata obvala ngati akazi.

Ca m'ma 1663 Aphra anaoloka nyanja napita ku Surinam, ku South America. Dzikolo linali m'manja mwa Angerezi, ndipo munali minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ocokera ku Africa. Zimene anaona kumeneko anazisunga mumtima zaka 25. Atabwera ku London anakwatiwa ndi munthu wamalonda dzina lace Behn, koma banjalo silinakhalitse, ndipo pofika 1666 anali yekha, wopanda womthandiza.

Caka comweco boma la Charles II linamtuma ku Antwerp monga mzondi, kapena titi kazitape, popeza England anali pa nkhondo ndi Holland. Nchito yace inali kukopa William Scot, Mngerezi wothawa kwao, kuti aulule zimene adani a mfumu anali kupangana. M'makalata ace acinsinsi anali kudzicha Astrea, dzina limene anakhala nalo kufikira imfa. Anatumiza mbiri zambiri ku London, koma ndalama zimene anamlonjeza sizinafike. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Aphra anapinyolitsa mphete zace, ndipo potsiriza anakongola mapaundi 150 kwa Edward Butler kuti abwerere kwao mu 1667. Mwini ndalama anamuopseza ndi ndende. Iye analemba makalata odandaula kwa mfumu ndi nduna zace, ndipo makalatawo alipobe.

Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ngongole ndi umphawi ndizo zinamkankhira ku nchito yolemba masewero. Malipiro a nchitoyi anali obvuta. Wolemba sanali kulandira kanthu tsiku loyamba ndi laciwiri. Cace cinali phindu la tsiku lacitatu. Sewero likapanda kukondweretsa anthu nilileka pa tsiku laciwiri, thukuta la miyezi yambiri linali kupita pacabe. Sewero lace loyamba, The Forc'd Marriage, linaonetsedwa mu 1670 ndi gulu la Duke's Company, ndipo linakhala masiku 6, cimene cinali mwai waukuru masiku amenewo. Nkhani yace inali ya mtsikana wokwatiwa mokakamizidwa. Mutu umenewu anaubwereza m'masewero ambiri, pakuti anadana nao mwambo wopereka mtsikana kwa nkhalamba cifukwa ca cuma.

Adani sanacedwe kuoneka. Sewero lace lacitatu, The Dutch Lover, linalephera mu 1673. Polisindikiza iye anaika mau oyamba osimba za mwamuna wina wodzikuza amene, sewero lisanayambe, anauza anthu okhala naye pafupi kuti asayembekeze zabwino popeza wolemba ndi mkazi. Aphra anayankha kuti kulemba sewero sikulira maphunziro akuya a zinenero zakale, ndi kuti Shakespeare yemwe sanaphunzire zambiri kuposa zimene akazi amaphunzira. The Rover, sewero lace lochuka koposa onse, linaturuka mu 1677 lopanda dzina lace poyamba, ndipo anthu analikonda zaka zambiri. Tisabise kuti m'masewero ace muli nthabwala zina zolaula, monga analembera onse a nthawi imeneyo. Dandaulo lace linali lakuti mau amene anthu anaseka nao polemba mwamuna, anawayesa camanyazi polemba mkazi. Mu 1678 ananena poyera kuti alikulemba kuti apeze cakudya, ndi kuti alibe naco manyazi. Onse pamodzi masewero ace aposa 15, ndipo mwa olemba a nthawi yace John Dryden yekha ndiye anamposa kucuruka kwa masewero.

Caka ca 1682 cinamuipira pawiri. Coyamba, boma linalamula kuti amangidwe cifukwa ca mau amene analemba odzudzula Duke of Monmouth, mwana wa mfumu. Caciwiri, magulu awiri a masewero a mu London anaphatikizana nakhala gulu limodzi, ndipo masewero atsopano sanafunikenso kwambiri. Tsono Aphra anatembenukira kwa osindikiza mabuku. Nthawi imeneyo wolemba anali kugulitsa buku lace kamodzi kokha, ndipo phindu lonse lapambuyo linali la wogulayo. Iripo kalata imene analembera Jacob Tonson, amene anaturutsa ndakatulo zace mu 1684, yopempha kuti amuonjezere mapaundi 5 pa mtengo wace. Anamasuliranso mabuku a Cifalansa, limodzi la iwo la Fontenelle lonena za dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, kuti anthu osadziwa zinenero zina, makamaka akazi, adziwe zimene akatswiri anapeza.

Mu 1688, ali wodwala ndi wosauka, anaturutsa Oroonoko, buku limene litikhudza ife koposa ena onse. Ndi nkhani ya mdzukulu wa mfumu ya ku Coramantien, m'dziko limene lero tilicha Ghana. Mnyamatayo akonda namwali dzina lace Imoinda, koma mfumu yokalamba imlanda namwaliyo, nimgulitsa kuukapolo. Pambuyo pace mkuru wa ngalawa ya Angerezi aitana Oroonoko kuphwando m'ngalawamo, namledzeretsa, nammanga ndi unyolo. Ku Surinam ampatsa dzina lacilendo la Caesar, ndipo akomananso ndi Imoinda. Posafuna kuti mwana wao abadwire muukapolo, atsogolera akapolo anzace kuthawa. Byam, waciwiri kwa bwanamkubwa, amlonjeza cikhululukiro, koma atadzipereka amkwapula koopsa, ndipo potsiriza amupha imfa yowawa. M'buku lonseli munthu wosunga pangano ndi Mwafrika, ndipo onama ndiwo azungu odzicha Akristu.

Tisayese kuti Aphra anatsutsa ukapolo wonse. Oroonoko yemwe anagulitsapo anthu ogwidwa kunkhondo, ndipo cimene cinamuwawa wolembayo kwambiri ndi kuona munthu wa mwazi wacifumu ali muunyolo. Komabe bukuli ndi limodzi la mabuku oyamba a nkhani yaitali m'Cingerezi, ndipo linaonetsa Angerezi nkhanza zocitika m'minda yocokera shuga wao. Thomas Southerne analisandutsa sewero mu 1695, limene linaonetsedwa zaka zoposa 100. Ife a ku Dowa ndi ku Nchisi nkhani yotere siticitira cilendo. Makolo athu anabisala m'phiri la Nchisi masiku a nkhondo, ndipo ena anatengedwa kunka ku Nkhotakota kwa Jumbe, naoloka nyanja osabweranso.

Aphra Behn anamwalira pa 16 April 1689, ali ndi zaka 48, naikidwa ku Westminster Abbey, m'khonde la kum'mawa. Dzina la Astrea anachulanso m'zolemba za anzace. Atafa, akazi ena analowa m'njira imene iye analambula, monga Mary Pix ndi Susanna Centlivre olemba masewero. Mu 1702 Elizabeth Mallet anayambitsa The Daily Courant, nyuzipepala yoyamba ya tsiku ndi tsiku ku England. Koma mibadwo yotsatira inayesa zolemba za Aphra zosayenera, ndipo dzina lace linaiwalika nthawi yaitali. Mu 1915 Montague Summers anasonkhanitsa zolemba zace nazisindikizanso, ndipo mu 1929 Virginia Woolf anakumbutsa akazi onse olemba kuti ali ndi mangawa kwa iye. Mu 2025 anthu a ku Canterbury anamuimikira cifanizo camkuwa mumzinda mwao.

Kwathu kuno tinyadira Bambo Samuel Nthara a ku Mvera, amene buku lao la Nthondo linapata mphotho nilisindikizidwa mu 1933. Iwo anatisonyeza kuti za m'midzi yathu ziyenera kulembedwa. Koma nthano zambiri tinazimva kwa agogo athu akazi madzulo pamoto, ndipo za kumtondo, za kudambo ndi za kucinamwali azidziwa bwino ndiwo akazi. Akapanda kuzilemba iwo, adzazilemba ndani? Aphra analibe sukulu yonga yathu ino, ndipo analemba ali ndi ngongole pakhosi. Alongo athu amene muli ndi aphunzitsi, mabuku ndi nyali, tengani colembera, ndipo nkhani yanu yoyamba tiione m'magazini ino.